Piritsi la BP la mitundu iwiri: tililekanitse ndi lezala?

Sabata yathayi ndalandira imelo yochokera kwa mlongo wathu wina wa ku Chilenje. Ndaifupikitsa ndipo ndachotsamo maina, koma mfundo zake ndi izi:

"Amayi anga akhala akumwa mankhwala a BP kwa zaka zingapo. Poyamba ankamwa mapiritsi awiri, amlodipine ndi telmisartan, lililonse palokha. Mwezi watha adokotala anawalembera piritsi limodzi lokha, ndipo titakagula kufamase tinapeza kuti ndi la mitundu iwiri, mbali ina yoyera, ina yabuluu, ngati mapiritsi awiri omatidwa. Azakhali akuti tizililekanitsa ndi lezala, loyera azimwa m'mawa, labuluu madzulo, kuti mphamvu isawachulukire nthawi imodzi. Ine ndimafuna ndiziwatulutsira a sabata yonse n'kuika m'kabokosi ka masiku, poti amayi amaiwala. Komanso nanenso atandiyeza kuntchito anati BP yakwerako, ndiye ndimati ndiyambe kumwako a amayiwo. Kodi piritsi lotere ndi lenileni? Nanga bwanji sanangosakaniza zonse pamodzi?"

Zikomo mlongo wanga polemba. Ndiyambe ndi zachidule: lezala isayandikire piritsilo, musalitulutse m'pepala lake lasiliva nthawi yomwera isanakwane, ndipo inuyo musamweko ngakhale limodzi. Koma ndikudziwa kuti "ayi" wopanda chifukwa sakhalitsa pakhomo, makamaka ngati azakhali alankhula kale. Ndiye mundilole ndifotokoze motalikirapo, kuti mukapite kwa iwo muli ndi poyambira.

Nkhani yonse yayambira pa khalidwe la telmisartan. Ufa wake weniweni susungunuka m'madzi. Mukhoza kutakasa mpaka dzanja kuwawa, umangokhala chikhalire pansi pa tambula. Ndipo mankhwala amene sanasungunuke m'mimba kapena m'matumbo salowa m'magazi, amangodutsa ulendo wakuchimbudzi. Akatswiri a kampani ya Boehringer Ingelheim ya ku Germany, yomwe inatulutsa mankhwalawa mu 1998 ndi dzina loti Micardis, anapeza kuti ufawu umamvera ukasakanizidwa ndi zinthu za mtundu wa soda. Tengani kapepala kopindapinda kam'bokosi kaja, mupite kumunsi komwe palibe amawerengako, pamndandanda wa zina zomwe zili m'piritsi. Kawirikawiri mupezapo maina awiri, sodium hydroxide ndi meglumine. Amenewo si mankhwala a BP ayi. Ntchito yawo ndi yothandiza telmisartan kusungunuka akafika m'mimba, ndipo amaikamo pang'ono kwambiri moti sangamuvulaze munthu.

Amene anaphikapo therere akudziwa kuti limafuna chidulo kapena soda, koma akudziwanso kuti soda yemweyo sathira mumphika uliwonse. Amlodipine ali m'gulu la zosafuna sodazo. Akakhala pamodzi naye, ndiye pakhalenso kachinyontho, amayamba kuphwasuka pang'onopang'ono n'kusanduka zinthu zina zosatsitsa BP. Tsono taganizani ulendo wa piritsi. Lichoke kufakitale ku India kapena ku Ulaya, likwere sitima, litsike ku Dar es Salaam kapena ku Durban, likwere thiraki, ligone mosungira katundu, kenako lidikire pashelefu. Likuyenera kukhalabe ndi mphamvu zake kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Akanangosakaniza ufa wonse pamodzi, bwenzi pofika ku Chilenje bokosi likunenabe kuti amlodipine 5 mg, koma m'katimo mutatsala wosakwana. Hydrochlorothiazide, mankhwala okodzetsa aja amene ambiri amangowatchula kuti HCTZ, nawonso sagwirizana ndi soda chimodzimodzi. Ndiye yankho la funso lanu lomaliza ndi limeneli: m'thupi awiriwa amathandizana bwino zedi, koma kusungidwa atasakanizika ndiye ayi. M'piritsimo amangokhudzana pamzere woonda umene mukuuona pakatiwo.

Kapangidwe kake kamandisangalatsa, ndiye mundipirire pang'ono. Makina opanga mapiritsi amakhala ndi tebulo lachitsulo lozungulira, lokhala ndi timabowo tambirimbiri. Pabowo lililonse pali zitsulo ziwiri zopsinjira, china chochokera pansi, china pamwamba. Popanga piritsi wamba, ufa umathiridwa kamodzi, zitsulo n'kukumana, basi latha. Popanga la magawo awiri, tebulolo limadutsa pansi pa zothirira ziwiri. Choyamba chimathira ufa wa gawo loyamba, chitsulo n'kuupsinja pang'ono chabe, kungousalaza kuti pamwamba papezeke malo. Bowo likasunthira kutsogolo, chachiwiri chimathira ufa winawo, ndipo apa m'pamene kupsinja kwenikweni kumachitika. Luso lonse lagona pa kupsinja koyambako. Akapsinja mopyola, pamwamba pa gawo loyamba pamakhala see, lachiwiri limasowa pogwira, ndipo piritsi limadzakanganuka lokha. Akapsinja mopepera, ufa wa mbali ziwirizi umalowererana, chomwe ankachithawa chija n'kuchitika. Makina omwewo ayeneranso kuyang'anira kulemera kwa gawo lililonse palokha ndi kuyamwa fumbi lotsalira patebulo kuti lisagwere m'bowo lotsatira, zonsezi zikuchitika pa liwiro la mapiritsi zikwizikwi pa ola. Mtundu wabuluuwo ndi utoto chabe, suchiza kanthu. Umathandiza a kufakitale kuona ndi maso ngati malire ali bwino, ndi inunso kuzindikira piritsi lanu.

Piritsi lodziwika kwambiri la telmisartan ndi amlodipine ndi Twynsta, la kampani ya ku Germany yomwe ija, lomwe linavomerezedwa ku America mu 2009 ndi ku Ulaya mu 2010. Ndi loyera ndi labuluu, ndipo lili pamiyezo inayi: 40/5, 40/10, 80/5 ndi 80/10. Nambala yoyamba ndi telmisartan, yachiwiri amlodipine. Mnzake wa telmisartan ndi HCTZ, MicardisPlus, ndi wofiira ndi woyera, kupatula wa 80/25 amene ndi wachikasu ndi woyera. Masiku ano makampani ambiri, makamaka a ku India, amapanga awo ndi maina awoawo ndi mitundu yawoyawo, choncho musaloweze mtundu, lowezani maina awiri a mankhwalawo ndi manambala ake. Mukaona timadontho ta utoto tochepa pambali yoyera musadandaule, zimachitika pamakina. Ndipo mukaona pabokosi palembedwa amlodipine besilate pafupifupi 6.9 mg pomwe adokotala analemba 5, sanakuwonjezereni. Enawo ndi kulemera kwa besilate, mchere wa mtundu wina osati wa kukhitchini, umene amlodipine amamangiriridwako, mankhwala enieniwo ndi 5 yemweyo.

Si piritsi lililonse la mankhwala awiri lomwe lili ndi magawo. Losartan ndi HCTZ amasakanizika popanda vuto, chimodzimodzi perindopril ndi amlodipine. Palinso ena amene amawagawa pa chifukwa china: gawo limodzi lisungunuke msanga, linalo lizitulutsa mankhwala pang'onopang'ono tsiku lonse. Otere mumawapeza pa metoprolol wophatikiza ndi amlodipine, ndiponso pa mapiritsi ena a shuga okhala ndi metformin, ndipo pabokosi pamalembedwa zilembo monga SR, ER kapena XL. Amenewo kuwatafuna kapena kuwasinja ndi zoopsa kwenikweni, chifukwa mankhwala a tsiku lonse amalowa m'magazi nthawi imodzi. Kunena zoona, kuno ku Zambia luso limeneli tinalimeza kalekale osadziwa. Atripla, piritsi limodzi patsiku la ma ARV lomwe linatuluka mu 2006, linatheka pokhapokha opanga ataika efavirenz m'gawo lake, mankhwala ena awiriwo m'gawo linalo. Kungoti linakutidwa ndi chikamba cha mtundu umodzi, mzere sunkaoneka, ndiye panalibe azakhali amene anatola lezala.

Tibwere kulezalako. Magawo awiriwa sanamatidwe ndi guluu woti n'kumatula. Anapsinjidwa pamodzi ndi mphamvu yaikulu, ndipo ufa wa mbali iyi unalumana ndi wa mbali inayo. Mukaika lezala pamzerepo, piritsi limagumuka. Mbali ina imatengako ya inzake, zina zimasanduka fumbi lotsalira pambale, ndipo chomwe amayi angameze palibe amene angachiyeze. Lero alandira telmisartan wokwana ndi amlodipine woperewera, mawa zasinthana. Kulidula pakati chopingasa, monga ena amachitira kuti bokosi lifike kumapeto a mwezi, nakonso sikuthandiza. Mapiritsi ambiri otere alibe kamzere kodulira, zidutswa sizifanana, ndipo theka lotsalalo limagona poyera mpaka mawa. Ndikumvetsa kuti ndalama ikavuta munthu amaganiza zotere. Koma kuli bwino kuwauza adokotala mosabisa kuti thumba silikukwanitsa, chifukwa amlodipine payekha ndi mmodzi mwa mankhwala otchipa kwambiri, ndipo pali njira zina zophatikizira zomwe iwo angasankhe.

Mantha a azakhali, oti mphamvu ichuluka nthawi imodzi, ndi omveka, ndipo akuchokera pa chikondi. Kungoti mankhwala awiriwa sagwira ntchito ngati Panado amene mumamva kuti walowa, pakapita maola angapo watha. Telmisartan amatenga pafupifupi maola 24 kuti achepe ndi theka m'magazi, amlodipine amatenga maola 30 mpaka 50. Ndiye kuti piritsi la lero limapeza la dzulo ndi la dzana likadali m'thupi, ndipo pakatha sabata muyezo wake m'magazi umakhazikika, sukwera ndi kutsika kwambiri. Kumwa theka m'mawa theka madzulo sikusintha kanthu pamenepo, kungowonjezera mpata woiwala. Nkhani ya m'mawa kapena madzulo inafufuzidwanso mokwanira. Kafukufuku wotchedwa TIME, wotsogoleredwa ndi University of Dundee ku Scotland, anatsatira anthu oposa 21,000 kwa zaka pafupifupi 5, ena akumwa m'mawa, ena madzulo. Zotsatira zake zitatuluka mu 2022, panalibe kusiyana pa chiwerengero cha odwala sitiroko kapena mtima. Amayi asankhe ola limene sangaliphonye, n'kumamatira pomwepo. Likanakhala piritsi lokhala ndi HCTZ ndikanati m'mawa, kuti asamadzukedzuke usiku.

Tsopano kabokosi kanu ka masiku. Maganizowo ndi abwino, ndipo pa mapiritsi ena ambiri ndikanakuombera m'manja. Koma soda uja amene amathandiza telmisartan ali ndi khalidwe lokoka chinyezi chamumpweya. N'chifukwa chake mapiritsiwa amabwera m'pepala lasiliva mbali zonse ziwiri, lililonse m'kachipinda kake, ndipo opanga amalemba kuti litulutsidwe pokhapokha nthawi yomwera yakwana. Tayesani kuganiza za mwezi wa Januwale kuno ku Lusaka, mvula ili mkati, zovala zosauma pachingwe, mchere m'botolo utagwirana. Piritsi lotulutsidwa Lamlungu pofika Lachisanu limakhala litafewa m'mbali, likumata chala, nthawi zina litatupa kapena kukanganuka pamzere paja. Chinyontho chikalowa, malire aja amasiya kugwira ntchito, soda amafikira amlodipine. Zomwezo zimachitika likaikidwa m'kapepala kapulasitiki kamene amaikiramo mapiritsi ena, kapena likamangidwa pamfundo ya chitenje popita kumaliro ku Chipata.

Chitani chonchi. Tengani sizasi, mudule pepala lasilivalo m'tizidutswa, kachidutswa kalikonse kakhale ndi piritsi limodzi lotsekeka bwinobwino. Samalani kuti sizasi isaboole kachipindako. Siyani mphepete yokwanira. Tizidutswato ndi timene muike m'kabokosi ka masiku, ndipo ngati sitikukwanamo gulani kabokosi kokulirapo kapena mungolemba masiku ndi cholembera papepala lasilivalo. Bokosi lenileni musataye, poti ndi pamene pali dzina ndi tsiku lotha ntchito. Musunge m'chipinda chogona, m'dirowa, osati kubafa, kukhitchini pafupi ndi mbaula, pawindo, kapena m'galimoto mwezi wa Okutobala. Mufiriji ayi, mumakhala chinyezi. Potulutsa, manja akhale ouma, amayi ameze lathunthu ndi madzi, kaya adya kaya sanadye. Akaiwala m'mawa n'kukumbukira masana amwe. Tsiku likadutsa, ladutsa, mawa amwe limodzi basi, osati awiri.

Mwina mukufunsa kuti ngati mavuto ake ndi ochuluka chonchi, bwanji osangosiya mapiritsi awiri akale aja. Apa ndiye ndili kumbali ya adokotala anuwo. BP imakwera kudzera njira zingapo, ndipo thupi likaona kuti mwatseka imodzi limatsegula ina. Amlodipine amamasula timinofu ta m'makoma a mitsempha ya magazi kuti mitsemphayo itakasuke. Thupi likamva kuti mphamvu ya magazi yatsika, impso zimatulutsa renin, amene amayambitsa kupangidwa kwa angiotensin, ndipo ameneyu amafinyanso mitsempha ndi kusunga mchere m'thupi. Telmisartan amatseka pamene angiotensin amagwira. Mu 2009 David Wald ndi anzake ku London anaunika kafukufuku 42 wa anthu pafupifupi 11,000, ndipo anapeza kuti kuwonjezera mankhwala a mtundu wina kumatsitsa BP pafupifupi kasanu kuposa kuwirikiza muyezo wa amene munthu akumwa kale. Palinso phindu lina lomwe amayi angalione ndi maso. Amlodipine, makamaka wa 10 mg, amatupitsa akakolo mwa anthu ambiri, nsapato n'kuyamba kuthina madzulo. Akakhala pamodzi ndi telmisartan kutupako kumachepa, chifukwa telmisartan amamasulanso mitsempha yobweza magazi, madzi osaunjikana m'miyendo.

Kwa ife anthu akuda pali mfundo inanso. Ambiri mwa ife BP yathu imakhala ya renin wochepa ndipo imamva mchere kwambiri, motero mankhwala a gulu la telmisartan, losartan kapena enalapril akakhala okha satsitsa mokwanira. Kwa nthawi yaitali umboni wa zimenezi unkachokera kwa anthu akuda a ku America. Mu 2019 kunatuluka kafukufuku wa CREOLE, wotsogoleredwa ndi Dike Ojji wa ku Abuja, amene anachitikira kuno ku Africa: anthu 728 m'maiko 6, omwe ndi Nigeria, Cameroon, Kenya, Uganda, Mozambique ndi South Africa. Anayerekeza mapeyala atatu a mankhwala kwa miyezi 6. Mapeyala awiri omwe munali amlodipine anatsitsa BP kuposa la perindopril ndi HCTZ, kusiyana kwake pafupifupi 3 pa nambala yapamwamba ya BP. Perindopril si telmisartan, koma amagwira pa njira yomweyo ya angiotensin. Choncho piritsi la amayi, lokhala ndi amlodipine mbali imodzi, likugwirizana ndi zomwe zinapezeka pa anthu ofanana nafe. Ndipo telmisartan sabweretsa kawirikawiri kachifuwa kouma kaja kamene enalapril amavutitsa nako anthu.

Zonsezi zikanathekanso ndi mapiritsi awiri osiyana, n'zoona. Chomwe piritsi limodzi limaposera ndi chimene mwachitchula nokha: amayi amaiwala. BP sipweteka, ndiye munthu wopatsidwa mapepala awiri kapena atatu amayamba kusankha yekha. Lina likatha amangopitiriza ndi linalo, kapena amati lero ndikumva bwino, ndimwa laling'ono lokhali. Bungwe la WHO mu lipoti lake la 2023 linati anthu okhala ndi BP yokwera padziko lonse anachoka pa 650 miliyoni mu 1990 kufika pa 1.3 biliyoni mu 2019, ndipo 4 mwa 5 alionse sakulandira chithandizo chokwanira. Kuno kwathu kafukufuku wa STEPS wa 2017 anapeza kuti pafupifupi wamkulu mmodzi mwa asanu alionse BP yake ndi yokwera. Pachifukwa chimenechi mu 2019 WHO inaika mapiritsi anayi ophatikiza pamndandanda wake wa mankhwala ofunikira, ndipo telmisartan ndi amlodipine ali pomwepo. Malangizo ake a 2021 akunenanso kuti pofunika mankhwala awiri, ndi bwino akhale m'piritsi limodzi.

Koma piritsi limodzi lili ndi msampha wake, ndipo uwu ndi umene umandidetsa nkhawa kuposa lezala. Mwanena kuti amayi asinthidwa mwezi watha. Ndiye kuti penapake m'nyumbamo, m'chikwama cha kutchalitchi kapena m'chitini cha mabisiketi, muli amlodipine ndi telmisartan otsala. Dzina la pabokosi latsopano ndi lachilendo, ndipo n'kosavuta kuti munthu wamkulu aganize kuti awa ndi owonjezera pa akale aja. Akamwa zonse, walandira muyezo wowirikiza: chizungulire podzuka, kugwa kubafa, miyendo kutupa. Lero lomwe fufuzani, musonkhanitse otsalawo muwachotse pafupi, mudzapite nawo kufamase kapena kukiliniki. Vuto lina ndi loti simungasinthe mbali imodzi kusiya inayo. Akakolo akatupa kwambiri, kapena nkhama zikayamba kukula, zomwe amlodipine amachita mwa ena, adokotala ayenera kusintha piritsi lonse. Ndipo tsiku lina mukhoza kufika kufamase n'kuuzidwa kuti lophatikizalo latha. Musabwerere chimanjamanja kukadikira sabata. Funsani wafamase ngati angakupatseni awiri osiyana a miyezo yomweyo, 40 ndi 5 ngati ndi zimene zalembedwa, chifukwa m'thupi ntchito yake ndi imodzimodzi. Lembani manambalawo mufoni yanu.

Zina zoti muzidziwe pa telmisartan, poti ndinu amene mukuwayang'anira. Mankhwala a ululu monga Brufen ndi diclofenac, amene akuluakulu amakonda kugulira mawondo ndi msana, amakweza BP ndipo akaphatikizana ndi telmisartan amalemetsa impso. Panado ndiye bwino, ndipo ululu ukapitirira akaonane ndi adokotala. Mchere wina wa m'masitolo akuluakulu wolembedwa kuti uli ndi sodium wochepa umakhala ndi potassium, ndipo telmisartan amasunga kale potassium m'thupi, choncho musaugule musanafunse. Mchere wamba womwewu ndiwo muchepetse. WHO imati usafike magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi uja uli kale mu kapenta, nsomba zouma ndi timakyubu tokometsera ndiwo. Chinanso ndi kutsekula m'mimba ndi kusanza. Tonse tikukumbukira kolera ya kumayambiriro a 2024, pamene bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala. Munthu amene akutaya madzi ambiri BP yake imatsika yokha, ndipo telmisartan pa nthawi yotere akhoza kuvulaza impso. Zikachitika, thamangani nawo kuchipatala mutanyamula bokosilo, muwauze achipatala asanamwe la tsiku limenelo. Milomo, lilime kapena nkhope zikatupa mwadzidzidzi, zomwe sizichitikachitika, musadikire kuti kuche.

Za inuyo tsopano, mlongo wanga, ndipo apa ndilankhula mosapsatira. Kuyezedwa kamodzi kuntchito, mwina mutangotsika minibasi ndi kukwera masitepe, sikokwanira kunena kuti muli ndi BP. Pamafunika kuyeza pamasiku awiri osiyana, mutakhala pansi mphindi zisanu, mkono utatsamira patebulo, ndipo manambala akhale 140/90 kapena kuposa. Zikatsimikizika, mankhwala anu adzasankhidwa poona inuyo. Simunanene zaka zanu, koma ngati mukadali pamsinkhu wobereka, telmisartan ndi abale ake onse, losartan, valsartan, enalapril, lisinopril, ndi oletsedwa kwa mayi woyembekezera. Amawononga impso za mwana m'mimba, amachepetsa madzi amene mwanayo amakhalamo, ndipo akhoza kumupha, makamaka miyezi itatu yoyamba ikadutsa. Oyembekezera amapatsidwa ena monga methyldopa, nifedipine kapena labetalol. Komanso piritsi lililonse limene mwamwako ndi tsiku limodzi limene amayi adzakhale opanda. Pitani pachipatala cha Chilenje pomwepo akakuyezeni bwinobwino, si patali.

Ngati ndi lenileni kapena ayi, mitundu iwiriyo payokha si chizindikiro cha chinyengo. Chofunika ndi kumene mwagula. Mafamase ovomerezeka amakhala ndi chiphaso cha ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuchiona. Onani kuti dzina la wopanga, nambala ya gulu la mapiritsi ndi tsiku lotha ntchito zomwe zili pabokosi zikufanana ndi zomwe zadindidwa papepala lasiliva. Mapiritsi a BP ogulitsidwa pathebulo mumsika, kapena otulutsidwa kale m'pepala lake, asiyeni ngakhale atchipe bwanji. Mukatsegula n'kupeza lofewa, lothimbirira kapena logawikana lokha, bwererani nalo.

Poti amayi atha mwezi pa piritsi latsopanoli, ino ndiyo nthawi yabwino yoona ngati likugwira, chifukwa mphamvu yake yonse imaoneka pakatha pafupifupi masabata anayi. Ngati muli ndi makina oyezera kunyumba, yezani m'mawa asanamwe ndi madzulo kwa sabata imodzi, muzilemba m'kope. Cholinga ndi kukhala pansi pa 140/90, ndipo ngati ali ndi shuga, vuto la impso kapena anadwalapo mtima, adokotala angafune nambala yapamwambayo itsike pansi pa 130. Popita kukaonedwanso munyamule kopelo, bokosi, ndi mapiritsi akale aja, ndipo mufunse za kuyeza magazi kuti aone impso ndi potassium. Ngati azakhali angapeze mpata, atengeni, funso lawo akalifunse okha kwa adokotala.